Ndinakumana ndi malemu bambo anga m'mabuku awiri a ku America

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa dandaulo lomwe timalimva kawirikawiri, loti ife sitikonda kuwerenga, ndipo tikati tiwerenge timangotola za kunja zomwe sizitikhudza. Gawo loyambalo sinditsutsa kwenikweni. Lachiwirilo ndiye ndakana, chifukwa mabuku awiri omwe andisowetsa tulo chaka chino onse ndi a ku America, ndipo ine ku America sindinapondeko phazi. Lina likusimba chiyambi cha mpikisano wa magalimoto wa NASCAR, linalo likusimba za anthu oyamba kupita mumlengalenga ndi kumwezi. Ndinawagula tsiku limodzi kwa mnyamata woyala mabuku akale pakhonde la sitolo ku Limbe, lina chikuto chitathothoka kale. Ndinkangofuna chotayitsa nthawi m'minibasi.

Bambo anga anali makaniko. Ntchito anaiphunzirira pa malole a esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, kenako anatsegula galaja yawoyawo, ngati tingaitche galaja: mtengo wa mango, dzenje lolowera kunsi kwa galimoto, ndi bokosi lachitsulo la masipanala lomwe wina aliyense sankaligwira, ngakhale amayi. Sukulu analekezera Sitandade 4. Munthu akabwera ndi galimoto, iwo ankati asazimitse injini. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pa injini, chogwirira n'kuchiika kukhutu, maso n'kutsinzina. Pakapita kamphindi ankatchula chomwe chavuta, ndipo kuphonya kunali kwa apo ndi apo.

Potsegula buku la magalimoto ndinkayembekeza mayina a anthu olemera ndi makampani akuluakulu. Ndinapezamo kachasu. Kumapiri a ku Georgia ndi North Carolina, alimi osauka ankatcheza mowa wa chimanga mobisa pothawa msonkho wa boma. Mowawo unkayenera kulowa m'tauni usiku, ndiye anyamata ankaunyamula m'magalimoto a Ford a injini ya V8, makamaka a 1939 ndi 1940. Kunja galimoto inkaoneka yaulemu ngati ya abusa, kuti wapolisi asaikayikire. Nkhani inali mkati: mpando wakumbuyo wazulidwa, masipuling'i awonjezeredwa kuti galimoto isakhale pansi ikasenza zigubu, injini yasinthidwa kuti isiye ya apolisi m'fumbi. Kumapeto kwa sabata anyamata omwewo ankakumana pamabwalo a dothi kuti aone kuti wothamanga zenizeni ndani. Mawu oti stock car, omwe amatchulira magalimoto a mipikisanoyi, amangotanthauza galimoto wamba, monga momwe yatulukira ku fakitale, ngakhale kuti chilungamo cha mawuwo chinali chochepa kuyambira pachiyambi.

Munthu amene anandigwira mtima koyamba sanali dalaivala. Anali Red Vogt, makaniko wa ku Atlanta, yemwe galaja yake inkakonza magalimoto a onyamula mowa ndi a apolisi omwe. Pamene Bill France, yemwe anayambitsa NASCAR, anaitanitsa msonkhano ku Streamline Hotel ku Daytona Beach mu December 1947 kuti mipikisanoyi ikhale ndi malamulo, dzina loti NASCAR anabwera nalo ndi Vogt yemweyo. France nayenso anali makaniko asanakhale bwana. Ndiye taonani zomwe zinachitika pa mpikisano woyamba wa NASCAR wa magalimoto wamba, pa 19 June 1949 ku Charlotte. Woyamba kufika anali Glenn Dunaway, koma oyendera atalowa kunsi kwa galimoto yake anapeza kuti masipuling'i akumbuyo anali oseweretsedwa, chifukwa galimotoyo inali yonyamulira mowa. Anamulanda chipambano n'kupatsa Jim Roper. Apa ndinaseka mokweza m'minibasi mpaka amayi omwe ndinakhala nawo mpando anandiyang'ana. Ntchito imeneyo ndi imene bambo ankachitira eni matola sabata ndi sabata, kuwonjezera masipuling'i kuti kapikapu kakang'ono kasenze matumba a chimanga ndi anthu pamwamba pake.

Kuseka kunatha nditafika pa Wendell Scott. Uyu anali munthu wakuda wa ku Danville, m'chigawo cha Virginia, yemwe anagwira umakaniko m'gulu la asilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Naye ananyamulapo mowa. Atalowa mumpikisano analibe kampani yomuthandiza ngati anzake oyera. Ankagula zipangizo zomwe ena ataya, n'kuzikonza yekha, ndipo omusinthira matayala pabwalo anali ana ake aamuna. Pa 1 December 1963 ku Jacksonville, ku Florida, Scott anamaliza mpikisano ali patsogolo pa aliyense, koma mbendera ya wopambana inakupizidwira Buck Baker. Patapita maola, anthu atabalalika, akuluakulu a mpikisano ndi pamene anavomera kuti wopambana anali Scott. Ndalama anamupatsa, chikho ayi. Anamwalira mu 1990 asanachigwire, ndipo NASCAR inadzapereka chikho ku banja lake mu 2021, patadutsa zaka pafupifupi 58.

Ndinatseka buku n'kukhala chete mpaka pa siteji. Bambo ankasimba nkhani imodzi yokha ya ku esiteti, ndipo ankaisimba akakhala kuti amwako pang'ono. Lole ina inali itagona miyezi, akuluakulu atagamula kuti ingogulitsidwa ngati zitsulo. Iwo anapempha kuti aiyese madzulo akaweruka. Anaphwasula injini yonse, n'kutola zina m'malole akufa, mpaka inalira. Pa chikondwerero cha kumapeto kwa chaka amene anaitanidwa kutsogolo n'kugwiridwa chanza anali bwana wa wekishopu, munthu yemwe sanadetse n'komwe shati pa lole imeneyo. Bambo analandira botolo la fanta pamodzi ndi anzawo onse. Sankainena mokwiya, ankangomaliza ndi kuti, "Koma inalira." Ine ndili mwana ndinkaona ngati ndi nkhani ya lole basi.

Buku la zamumlengalenga ndinalichedwetsa dala, chifukwa kunyumba kwathu nkhani ya kumwezi inali ya mkangano. Mu July 1969, pamene Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anatera pamwezi, bambo anamvera pa wailesi ndipo sanakhulupirire mpaka imfa yawo. Chifukwa chawo sichinali cha chipembedzo ngati cha akuluakulu ena. Chinali cha umakaniko. Ankati, "Chitsulo chilichonse chimafera panjira. Nanga icho chikafa kumeneko, akukonza ndani? Sipeya akagula kuti?" Ine nditafika ku sekondale ndinkawatsutsa ndi zomwe aphunzitsi ananena, iwo n'kumangopukusa mutu uku akupukuta manja ndi chisanza.

Bukulo landionetsa kuti funso lawo linali funso lenileni, lomwe linkasowetsa mtendere akatswiri eni ake a NASA, bungwe la America loona za maulendo a mumlengalenga. Zitsulozo zinkafadi. Alan Shepard, munthu woyamba wa ku America kupita mumlengalenga pa 5 May 1961, anagona chagada m'kachombo kake maola angapo roketi isananyamuke chifukwa cha zovuta zosiyanasiyana, mpaka mkodzo unamugwira ndipo anakodzera mu suti momwemo. Ulendo wakewo unali wa mphindi 15 zokha, ndipo Yuri Gagarin wa ku Soviet Union anali atazungulira kale dziko pa 12 April chaka chomwecho. Pa 27 January 1967 Gus Grissom, Ed White ndi Roger Chaffee anapsa m'chombo cha Apollo 1, cha ntchito yopititsa anthu kumwezi, chili pansi pompano, poyeserera chabe. Mkati munali okosijeni yekhayekha, moto unabuka, ndipo chitseko chinali chotsegukira mkati, moti mphamvu ya mpweya inachikanikiza osatheka kuchikoka.

Yankho la funso la bambo lili pa Apollo 13. Mu April 1970 thanki ya okosijeni inaphulika chombo chili pa mtunda woposa makilomita 300,000 kuchokera padziko. Jim Lovell, Jack Swigert ndi Fred Haise anathawira m'kachombo kotererera pamwezi, komwe kanapangidwira anthu awiri kwa masiku ochepa. Mpweya woipa umene munthu amatulutsa popuma unayamba kuchuluka. Zosefera mpweya zinalipo zokwanira m'chombo chachikulu, koma zinali za makona anayi, pamene malo ozilowetsa m'kachombo kakang'onoko anali obulungira. Sipeya yolakwika, titero. Gulu la akatswiri ku Houston, komwe ankawongolera maulendowa ali pansi pano, motsogozedwa ndi Ed Smylie, linasonkhanitsa patebulo zinthu zokhazo zomwe zinalimo m'chombo: pepala la pulasitiki, katoni ya chikuto cha buku, paipi ya suti, ndi tepi. Anayesa mpaka zinagwira, kenako n'kuwafotokozera anzawowo pa wailesi sitepe ndi sitepe. Onse atatu anafika amoyo pa 17 April. Pa Apollo 17 mu 1972 matigadi a kagalimoto koyendera pamwezi atathyoka, anawalumikiza ndi mamapu ndi tepi yomweyo.

Ndikuwerenga zimenezi ndinadziona ndili ndi zaka 11, titaima pa zitunda zotsikira ku Chikwawa dzuwa likuswa mtengo, pikapu ya kasitomala itaboola thanki pamwala. Petulo akudontha, sitolo kulibe, galimoto zodutsa n'zowerengeka. Bambo anatulutsa chidutswa cha sopo, n'kupempha shuga pang'ono kwa amayi ena omwe tinawanyamula, n'kukanda ziwirizo ndi malovu mpaka zinakhala ngati phula. Anamata pabowo, n'kukulunga ndi mphira ya chubu, n'kumanga ndi linya. Tinakafika ku Nchalo. Ndikanakonda akanakhalapo lero ndiwawerengere za Houston zija. Sindikudziwa ngati akanavomera kuti anthu anafikadi kumwezi, koma ndikudziwa kuti pa nkhani ya katoni ndi tepi akanaseka n'kunena kuti awo ndiye amakaniko.

Akuti anthu pafupifupi 400,000 ndi omwe anagwira ntchito ya Apollo. Oponda pamwezi anali 12 okha. Mwa otsalawo munali amayi a ku Dover, m'chigawo cha Delaware, omwe ankasoka masuti pa makina osokera, kusanjikiza nsalu 21, akudziwa kuti singano ikaphonya munthu afa. Munalinso Katherine Johnson, mayi wakuda wodziwa masamu, yemwe John Glenn, munthu woyamba wa ku America kuzungulira dziko mumlengalenga, anapempha kuti atsimikize ziwerengero za kompyuta asananyamuke mu February 1962. China chomwe sindinkadziwa n'choti nkhani ziwirizi zinkachitikira pagombe limodzi: kuchoka ku Daytona kufika ku Cape Canaveral, komwe maroketi ankanyamukira, ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo oyenda mumlengalengawo ankakonda liwiro ngati anyamata a kachasu aja. Jim Rathmann, yemwe anapambana mpikisano wa Indianapolis 500 mu 1960, ankawabwereketsa magalimoto a Corvette pa dola imodzi pachaka.

Sindikunena kuti mabukuwa ndi angwiro. La magalimotolo limakometsera kwambiri anthu ophwanya malamulo, ngati kuti mowawo sunkapasula mabanja. Ife amene tinakulira pafupi ndi potchezera kachasu tikudziwa mbali inayo. Bukulo lomwe likusimba za Lloyd Seay, yemwe anapambana mpikisano waukulu ku Atlanta mu September 1941, m'mawa mwake n'kuwomberedwa ndi msuweni wake pa mkangano wa ngongole ya shuga wotchezera mowa. Anali ndi zaka 21. La zamumlengalengalo nalo limanena za America ngati kuti dziko lonse linkangoonerera pakamwa yasa. Mulibemo Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi wa ku Zambia yemwe mu 1964 analengeza kuti dziko lake lifika kumwezi America ndi Soviet Union asanafike, n'kumaphunzitsa achinyamata ake powagubuduza mumgolo kuchokera pachitunda. Anapempha UNESCO mapaundi 7 miliyoni, sanapatsidwe. Atolankhani akunja anamusandutsa choseketsa, ndipo ambiri aife timamudziwa kudzera mwa iwowo.

Kumene kwandipweteka ndi apa, Akonzi. Red Vogt ndimamudziwa, Wendell Scott ndimamudziwa, ngakhale tsiku lomwe analandidwa chikho ndikutha kulitchula, chifukwa wina anapita kukakhala pakhonde ndi ana awo ndi anzawo n'kulemba zomwe ananena. Koma dzina la mkulu amene anaphunzitsa bambo anga kumvera injini ndi sikuludiraiva sindilidziwa. Ankangoti "mdala uja wa ku Luchenza", ndipo ine sindinafunse. Ku Ndirande, ku Biwi, ku Luwinga kuli akuluakulu omwe anayendetsa dziko lino ndi sipeya zosula okha pa nthawi yomwe m'masitolo munalibe kanthu, kuli madalaivala omwe ankadutsa misewu ya matope isanaone phula. Akutha mmodzimmodzi. Pempho langa n'loti mupatule kagawo, ngakhale kamodzi pamwezi, koti owerenga azitumiza mbiri za anthu oterewa m'Chichewa, ndipo mtolankhani wanu azikawachezera akadali moyo. Ine ndayamba kale: Loweruka lapitali ndinakapeza mmodzi mwa anyamata omwe anaphunzira ntchito pansi pa mango paja, pano ndi agogo a zidzukulu zisanu, ndipo anandisimbira zinthu zitatu za bambo zomwe sindinazimvepo.

Bokosi la masipanala lija achimwene anagulitsa maliro atangotha. Ine ndinatsala ndi sikuludiraiva yokha, chogwirira chake chosalala ngati mwala wa mumtsinje. Tsiku lomwe ndinamaliza buku lachiwiri ndinatsegula boneti ya galimoto ya mnzanga wa nyumba yoyandikana nayo, n'kuigunditsa pa injini, chogwirira kukhutu, maso kutsinzina. Ndinaima choncho mphindi zingapo. Ndinangomva phokoso.

Ine wanu wowerenga,
Mwana wa makaniko,
Bangwe, Blantyre