Ana akuchepa m'mabanja, nanga okalamba adzawasamala ndani?

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya kuchepa kwa ana obadwa m'mabanja mwathu muno, imene akuluakulu a boma ndi a mabungwe amaitchula monyadira zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo zikangotuluka. Kunyadirako n'koyenera ndipo ine sindikutsutsana nako. Chandilembetsa kalatayi n'chakuti pakati pa kuwomba m'manja konseku sindikumva wina akufunsa za mawa la makolo amene lero akubereka ana atatu kapena anayi n'kulekera pomwepo, kuti akadzafika poyendera ndodo adzawalimira, kuwaphikira ndi kuwadwazika ndani.

Kusintha kumene kwachitika si kwamasewera. Nthambi ya boma yoona za kalembera ya National Statistical Office, imene likulu lake lili ku Zomba, yakhala ikuchita kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey kuyambira mu 1992. Chaka chimenecho zidapezeka kuti mayi wa ku Malawi, tikagawa ana onse mofanana, ankabereka ana 6.7 pa moyo wake wonse, kapena tinene kuti pafupifupi asanu ndi awiri. Pofika mu 2010 chiwerengerocho chidatsikira pa 5.7, pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 chidali pa 4.4, ndipo wa 2024 adapeza 3.7. M'zaka zongopitirira makumi atatu, banja la Mmalawi lachepa ndi ana atatu. Mayi amene adabereka asanu ndi awiri lero ali ndi mwana wamkazi wonena kuti anayi akwana, komanso mdzukulu wa ku sekondale amene akuti iye awiri basi.

Zifukwa zake n'zodziwika ndipo sindichedwapo. Chachikulu n'chakuti ana adasiya kufa ngati kale: mu 1992 ana 234 mwa 1,000 aliwonse ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu, pamene pofika 2016 adali 63, ndipo mayi amene mtima wake wakhazikika kuti ana ake akula savuta kumva uphungu wa kulera. Njira zolera zamakono, zimene boma la Dr Kamuzu Banda lidaziletsa m'zaka za m'ma 1960 n'kudzazilola mu 1982 pongofuna kuti ana azibadwa motalikirana, zidafika mpaka kumudzi kudzera mwa alangizi a zaumoyo ndi zipatala monga za Banja La Mtsogolo, kotero kuti amayi apabanja ozigwiritsa ntchito adachoka pa 7 kufika pa 58 mwa 100 aliwonse pakati pa 1992 ndi 2016. Onjezanipo sukulu ya pulaimale yaulere imene idayamba mu 1994, kukwera mtengo kwa feteleza ndi fizi, komanso kupanikizana kwa minda m'dziko limene anthu ake adali 4 miliyoni pa kalembera wa 1966 koma 17.5 miliyoni pa kalembera wa 2018.

Komatu makolo athu ponena kuti ana ndi chuma sankalankhula zachibwana. Ankadziwa kuti mwa ana asanu ndi awiri, wina amwalira, wina atchona ku Joni kapena ku Halale, wina adzakhala chidakwa, koma sipadzalephera kutsala mmodzi kapena awiri pamudzi ofolera nyumba ndi kupereka mbale ya nsima. Imeneyo ndiyo idali penshoni yawo, ndipo kwa Amalawi ambiri ikadali yomweyo mpaka lero. Lamulo la penshoni limene lidayamba kugwira ntchito mu 2011 linkakhudza anthu olembedwa ntchito, ndipo ife amene tidagwirako m'boma timalandirako kangachepe kumapeto a mwezi, ngakhale kamatha tisanafike nako kunyumba. Koma kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumudzi. Mlimi wa fodya wa ekala imodzi, mayi wogulitsa usipa pamsika ndi mnyamata wa kabaza alibe bwana wowasungira kalikonse. Pamwamba pa izo, anthu akukhalitsa kuposa kale, makamaka chiyambireni kugawidwa kwaulere kwa ma ARV mu 2004, moti amene tinkawalira ali moyo zaka makumi awiri zapitazo lero akulera adzukulu.

Apa m'pamene kafukufuku wotsata mabanja omwewomwewo kwa zaka zambiri amationetsa zimene kalembera wongowerenga mitu sangaone. Kuyambira mu 1998, akatswiri a pa yunivesite ya Pennsylvania ku America, mothandizana ndi anzawo a kuno kwathu, akhala akubwerera m'midzi ya m'maboma a Rumphi, Mchinji ndi Balaka kukacheza ndi anthu omwe aja, pa ntchito imene lero imatchedwa Malawi Longitudinal Study of Families and Health. Maboma atatuwa ali m'zigawo zitatu za dziko lino ndipo amasiyana pa mwambo wa ukwati: ku Rumphi mkazi amalowoledwa n'kukakhala kwawo kwa mwamuna, ku Balaka mwamuna ndiye amakakhala chikamwini, pamene kuno ku Mchinji chikamwini ndi chitengwa zimayendera limodzi. Poyamba ofufuzawo ankafunsa za kulera ndi za Edzi, koma anthu amene adawapeza ali ndi ana akumsana adayamba kumera imvi mayina awo akadali m'kaundula momwemo, ndipo mu 2012 kudatsegulidwa gawo lapadera lotsata anthu a zaka 45 kupita m'tsogolo.

Chimodzi mwa zimene adasindikiza mu 2013 chimayenera kukhomedwa pakhoma la ofesi ya DC aliyense. Adapeza kuti mayi wa kumudzi wa zaka 45 angayembekezere kukhala ndi moyo zaka zina 28, koma gawo loposa theka la zaka zimenezo, 58 peresenti, adzalikhala thupi likumukanika ntchito zina za tsiku ndi tsiku. Kwa bambo wa msinkhu womwewo zaka zotsala ndi pafupifupi 25, ndipo zovutikira ndi 41 peresenti. Tikawerengera, mayiyo ali ndi zaka pafupifupi 16 zofuna womuthandiza, bamboyo pafupifupi khumi. Kwa munthu wa mu ofesi, kuphwanya kwa mawondo ndi msana ndi nkhani ya mapilitsi ndi mankhwala opaka. Kwa mayi wa kumudzi kumatanthauza kuti ndowa ya malita 20 yochokera ku mjigo aitula kawiri panjira, mvula yoyamba imupeza asanamalize kugalauza, chimanga chibzalidwa mochedwa, udzu umupitirira pa nthawi yopalira, nkhokwe itha mwezi wa Novembala usanafike, ndipo ganyu amene anzake amathawirako njala ikavuta iye sangamuthe.

Kafukufuku yemweyu adaonetsanso kuti maukwati akumudzi kwathu kuno amatha kwambiri, mwakuti mwa maukwati oyamba 100 aliwonse, pakati pa 40 ndi 65 amathera pa kusudzulana, ku Balaka kukhala kotsogola ndipo ku Rumphi kocheperako. Achinyamata amaona nkhani imeneyi ngati ya lero lokha, koma ngongole yake imadzabwezedwa ku ukalamba. Bambo amene adakhala chikamwini m'midzi itatu, n'kusiya ana mudzi uliwonse osawagulira ngakhale kope, akafooka amabwerera kwa alongo ake n'kukakhala mtolo wa ana a mlongo wake, amene nawonso ali ndi makolo awoawo. Kumene kuli malowolo, mayi amene ukwati wake udatha amabwerera kwawo ana atatsala kuchimuna, ndipo amakalamba kutali ndi amene adawayamwitsa. Mbumba yaikulu inkatha kumeza mavuto otere popanda wogona ndi njala. Mbumba ya ana atatuatatu, theka lawo ali ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, sidzatha.

Tinene chilungamo pa za amene amagwira ntchito yosamala okalamba. Pitani pa chipatala chilichonse cha boma mukaone kumalo kogona odwazika matenda, kumene utsi wa mbaula ndi mafuwa sukata: amene akupakula phala m'timapoto, kuchapa zitenje ndi kugona pansi pa simenti ndi amayi, ana aakazi ndi apongozi aakazi. Mwana wamwamuna amabwera ndi botolo la Sobo ndi buledi nthawi yoona odwala, n'kusiya ndalama ya ndiwo, ndipo anthu amamutama kuti amasamala make. Tsopano mwana wamkazi uja tamutumiza kusukulu, ndipo tachita bwino, ndi namwino ku Mzuzu kapena akugwira ntchito ya m'nyumba ku Cape Town. Ndalama amatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, koma ndalama ya pafoni siingamusambitse gogo wakufa ziwalo kapena kumutembenuza pamphasa usiku. Ngati tikufuna mabanja a ana ochepa komanso atsikana ophunzira, ndiye kuti anyamata athu ayenera kukula akudziwa kuphika phala, kuchapa zofunda za wodwala ndi kusambitsa bambo awo, ndipo anamkungwi, alangizi a kutchalitchi ndi kumzikiti komanso ife aphunzitsi tiyenera kuleka kuwauza kuti zimenezo n'zachikazi.

Palinso china chimene chiwerengero cha 3.7 chimabisa. Ana achepa, inde, koma kuyamba kubereka sikudachedwe kwenikweni. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 adali atabereka kale kapena ali oyembekezera, ndipo amayi 42 mwa 100 a zaka 20 mpaka 24 adakwatiwa asanakwanitse zaka 18, msinkhu umene malamulo oyendetsera dziko lino adaukhazikitsa mu 2017 kukhala malire a ubwana. Wobereka ali ndi zaka 17, mwana wakenso n'kuchita chimodzimodzi, amakhala gogo asanakwane zaka 35, ndipo pofika zaka 55 amakhala akudwazika mayi ake a zaka za m'ma 70 kwinaku akulera adzukulu amene makolo awo adapita kukasaka maganyu m'tauni. M'zaka zimene Edzi inkakolola, agogo ndiwo adanyamula ana amasiye. Lero akunyamula ana a anthu amoyo. Thandizo limene timaganiza kuti limachoka kwa ana kupita kwa makolo, m'makomo ambiri likuyenda chobwerera.

Malipiro amene okalamba ena amalandira pa ntchito yonseyi ndi dzina la ufiti. Sitinaiwale za ku Neno mu Januwale 2016, pamene anthu anayi achikulire adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wina. Lamulo loletsa kutchula munthu mfiti lilipo kuyambira mu 1911, ndondomeko ya boma ya anthu achikulire idatuluka mu 2016, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Mapepala tili nawo okwanira. Koma ine ndimaona kuti nkhalamba imene ili ndi kandalama kakekake, yotha kugula sopo ndi kulipira mnyamata woilimira, siitchulidwa mfiti msanga ngati imene yangokhala pakhonde kudikira kupatsidwa. Mtukula Pakhomo, amene adayambira kuno ku Mchinji mu 2006, wathandiza makomo ambiri a agogo, koma amasankha mabanja ochepa ovutikitsitsa m'dera, ndipo kusankhako kumabala nsanje ndi manong'onong'o. Dziko la Lesotho lidayamba kupereka penshoni kwa okalamba a zaka 70 kupita m'tsogolo mu 2004, ndipo Zanzibar idachita zomwezo mu 2016. Awa si maiko olemera. Pakadali pano anthu opitirira zaka 60 kwathu kuno ndi pafupifupi asanu okha mwa 100 aliwonse, choncho nthawi yoyamba ndondomeko yotere ndi ino pamene akadali ochepa, chifukwa chikhamu cha ana chimene chadzaza makalasi athu lero chidzakalamba pamodzi.

Kwa ofufuza ndili ndi madandaulo awiri. Loyamba, mafunso ambiri amene amabwera m'midzi amawerenga khomo ngati anthu odya mphika umodzi, ndiye gogo wogona yekha m'kanyumba kake amalembedwa kuti ali yekha ngakhale mwana wake wamkazi wa nyumba yoyandikana amamupatsa nsima kawiri pa tsiku, pamene wina wolembedwa kuti ali ndi anthu asanu pakhomo ndiye amene akudyetsa asanuwo. Tifunseni kuti ndani amabweretsa ndiwo, ndani adafolera nyumba chaka chatha, ndani amakatenga mankhwala a BP kuchipatala ndipo ndani amagona pafupi usiku matenda akakula. Lachiwiri, anthu akumudzi akhala pamphasa maola ambiri kuyankha mafunso a achinyamata onyamula matabuleti, mpaka kuulula za kuchipinda, n'kulandira sopo wothokozera, koma zotsatira zake zimathera m'mabuku a Chingerezi ndi m'misonkhano ya m'mahotela a kunyanja. Zibwerereni kwa eni ake m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, pa wailesi za m'madera ndi pa misonkhano ya mafumu, kuti mkamwini wa zaka 30 amve yekha zimene zikumudikira akapitiriza kusiya ana m'midzi.

Ku unduna wa zaumoyo pempho langa ndi laling'ono. Alangizi a zaumoyo amafika kale m'midzi mwezi ndi mwezi kudzachititsa sikelo ya ana pansi pa mtengo. Apatseni makina oyezera kuthamanga kwa magazi ndi shuga kuti tsiku lomwelo agogo amene abwera ndi adzukulu kumsana nawonso ayezedwe, m'malo modikira kuti adzanyamulidwe pa ngolo atafa kale mbali imodzi. Ndipo inu Akonzi, pamene aphungu akukambirana ndondomeko ya zachuma ya chaka chamawa, tumizani mtolankhani wanu akafunse nduna yoona za chisamaliro cha anthu kuti ndi ndalama zingati zimene zaikidwa zoyendetsera lamulo la 2024 lija, ndipo yankho lake mudzatisindikizire m'Chichewa.

Ndine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Mchinji.