Kabokosi kamphatso kasamathe msanga kuposa chitenje

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi amisiri anzathu a matabwa kuno kuchigwa cha Shire, komanso ndi amene amatipatsa ntchito. Masiku ano anthu ayamba kuitanitsa timabokosi tamatabwa toti apereke pa ukwati, pa chinkhoswe, kapena kwa mphunzitsi amene akupuma pantchito. Mphatso yake ndi yabwino. Chodandaulitsa n'chakuti tambiri mwa timabokosi timeneti timawala pa tsiku la mwambo lokha. Ikangogwa mvula yoyamba chivundikiro sichitsekekanso, pofika Okutobala makona ayasamula, ndipo pansi pake pakutuluka ufa wa tizilombo. Vuto si vanishi ayi. Vuto limayambira pa thabwa ndi pa kalumikizidwe.

Tiyambe ndi mtengo. Mlombwa ndi mbawa ndiye mafumu a ntchitoyi, koma yatsala yochepa, ndipo kudula mitengo yachilengedwe yotereyi kumafuna chilolezo cha a zankhalango. Kabokosi sikafuna thabwa lalikulu, choncho zotsala pokhoma zitseko, kapena thabwa la bedi lakale lothyoka, n'zokwanira. Thabwa lakale lili ndi ubwino wina: linauma kalekale. Nimu, amene ali pafupifupi pakhomo lililonse ku Ngabu, Bangula ndi Nsanje, ndi wa banja limodzi ndi mbawa, mtima wake ndi wofiirira ndipo tizilombo sitiukonda. Malaina ndi wopepuka, savuta kupala ndipo sapindika wamba. Tsanya ndi wolimba zedi, amabunthitsa pulena, ndiye musiyireni tizidutswa tokongoletsera. Mango amakongola, koma amafumbwa msanga. Pa mtengo uliwonse, chotsani mbali yoyera ya kufupi ndi khungwa. M'menemo ndi momwe muli chakudya cha tizilombo tofumbwitsa matabwa, ndipo vanishi satiletsa ngati tinalowa kale.

Tsono nkhani yaikulu ndi kuumitsa. Kuno kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo ambiri amaganiza kuti kuyanika thabwa padzuwa ndiye kufulumira. Dzuwa limaumitsa kunja kokha, m'kati muli madzi, ndiye thabwa limang'aluka kumapeto n'kupindika ngati bwato. Sanjani matabwa pamthunzi podutsa mphepo, masentimita 40 kuchoka pansi poopa chiswe ndi chinyontho. Pakati pa thabwa ndi linzake ikani timitengo touma tochindikala masentimita awiri, totalikirana theka la mita, tolunjikana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Kumapeto kwa matabwa pakani penti yotsala kuti kusaume msanga kuposa pakati, ndipo pamwamba psinjani ndi njerwa. Thabwa la inchi imodzi lipatseni miyezi itatu kapena inayi m'chilimwe. Njira yodziwira ngati lauma ndi sikelo: sankhani thabwa limodzi, muziliyeza sabata iliyonse n'kulemba ndi pensulo pa thabwa pomwepo. Kulemera kukasiya kutsika kwa masabata awiri kapena atatu, lauma. Kugogoda ndi chala kumanamiza.

Nanga kukula kwake? Apa amisiri timalakwa chifukwa sitifunsa kuti mukasungidwa chiyani. Zinthu zimene banja limasamala kwambiri ndi mapepala: setifiketi ya MSCE, mtchatho wa ukwati, mapepala a malo, mabuku a kuchipatala, zithunzi za makolo. Pepala la A4 ndi masentimita 21 m'lifupi, 29.7 m'litali. Choncho m'kati mwa kabokosi mukhale 32 kwa 23, kuti pepala ligone osapinda ndipo chala chipeze polowa polinyamula. Kabokosi kokongola koma kokakamiza munthu kupinda setifiketi kalephera ntchito yake.

Palani matabwa afike pa mamilimita 12. Ochindikala kuposa apo kabokosi kamaoneka ngati kosungiramo zipangizo za kalipentala. Pa mbali zinayi za kabokosi mufunika thabwa limodzi lotalika mita ndi masentimita 30, m'lifupi 11. Dulanimo mbali ziwiri za masentimita 34.4 ndi ziwiri za 25.4, mosinthanitsa yaitali ndi yaifupi, n'kulemba manambala kuti mizere ya mtengo izungulire kabokosi osaduka pamakona. Nsonga zonse zidulidwe mopendeka madigiri 45. Musanalumikize, sekani kamzere m'kati mwa mbali zonse zinayi, kumtunda ndi kumunsi, kakuya mamilimita asanu, mamilimita asanu ndi limodzi kuchoka m'mphepete. M'kamzere ka kumunsi mulowa pulayiwudi wa mamilimita anayi, wodulidwa masentimita 32.8 kwa 23.8. M'ka kumtunda mulowa thabwa la chivundikiro, lopalidwa m'mbali kuti likwane.

Thabwa la pamwambali ndi limene limawononga timabokosi tambiri. Mtengo, ngakhale wouma, umapuma. Nthawi yadzinja umamwa chinyezi n'kufufuma, m'chilimwe umabwerera, ndipo umatero m'lifupi, osati m'litali. Kuno kusiyana kwa chinyezi cha Febuluwale ndi ng'amba ya Okutobala n'kwakukulu, moti thabwa la masentimita 23 litha kusuntha mamilimita awiri kapena atatu. Mukalimata ndi guluu mbali zonse kapena kulikhomera misomali, lilibe kothawira: lidzang'aluka pakati, apo ayi lidzakankha makona. Lidulireni masentimita 23.6 m'lifupi, lilowe m'kamzere popanda guluu, kupatula kadontho kamodzi pakati pa mbali zifupizifupi kuti lisamagwedere. Ngati mukukhoma m'chilimwe siyani mpata wokwanira, chifukwa thabwalo likadzafufuma. Ngati ndi m'dzinja mpata uchepe.

Guluu woyera uja wa matabwa amakwana, koma kutentha kwa kuno kumamuumitsa pamwamba m'mphindi zochepa, munthu usanalumikize kona yachitatu. Matani m'mawa kusanatenthe, zonse mutaziyeseza kale popanda guluu. Nsonga za thabwa zimamwa guluu ngati mchenga, ndiye pakani wochepa poyamba, dikirani pang'ono, pakaninso, kenako lumikizani. Amene alibe zopanira asadandaule, malegeni a chubu cha njinga amagwira bwino mukawakulunga molimba kuzungulira kabokosi. Yezani kuchoka kona ina kufika yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyezo ikasiyana ndiye kuti kapendama, kankhani guluu asanagwire. Pukutani wotuluka ndi kansanza konyowa, chifukwa akaumira pamenepo vanishi sadzalowa, padzatsala chibanga choyera. Kasiyeni mpaka mawa.

Makona odulidwa mopendeka amakongola koma paokha ndi ofooka. Guluu akauma, chekani timipata titatu pa kona iliyonse, mopingasa kona, n'kumatamo tizidutswa topyapyala ta mtengo wina. Apa ndiye pamene tsanya amagwira ntchito, chifukwa kuda kwake kumaoneka bwino pa malaina. Tikauma tiduleni n'kupala. Misomali pa thabwa la mamilimita 12 imang'amba, ndipo ikachita dzimbiri imadetsa mtengo.

Mwina mwaona kuti mpaka pano kabokosi n'kotsekeka mbali zonse. N'dala. Chivundikiro chokhomedwa pachokha chimavuta kulingana bwino ndi kabokosi. Lembani mzere masentimita atatu kuchoka pamwamba, kuzungulira mbali zonse, ndipo chekani ndi sowo ya mano ang'onoang'ono. Mukamaliza mbali imodzi lowetsani tizidutswa ta katoni mumpatamo kuti sowo isapanidwe. Posalaza pochekapo, matani sandipepa pa thabwa lalikulu losalala n'kumakhuzapo kabokosi konse, osati kugwira sandipepa m'manja, chifukwa dzanja limadya makona.

Mahinjezi agulidwe a mkuwa ngati apezeka, awiri, a masentimita atatu kapena anayi. Achitsulo wamba amachita dzimbiri, ndipo dzimbirilo limafika pamapepala. Boolani kaye tizibowo musanalowetse masikuluwu, ndipo apakeni kandulo. Sikuluwu wa mkuwa ndi wofewa, akathyokera m'kati ntchito yaonongeka. Onetsetsani kuti sakupitirira mamilimita 10, angatulukire kunja.

Dzina la wolandira kapena tsiku la ukwati lembani ndi pensulo, kenako wotchani ndi waya kapena msomali wa moto, vanishi asanapakidwe. Uzani woitanitsa alembe yekha dzinalo papepala. Kulakwitsa chilembo chimodzi pa dzina la mkwatibwi sikufufutika, ndipo apongozi saiwala.

Sandipepa ayende motsata mizere ya mtengo: wa nambala 80, kenako 120, kumalizira 220. Osadumpha, chifukwa zokala za 80 zimadzaonekera vanishi akalowa. Vanishi woyamba asungunulidwe pang'ono ndi zosungunulira zimene zalembedwa pa chitini chake kuti alowe m'thabwa. Pakani katatu, mopyapyala, kusiya tsiku pakati, n'kumakhuza pang'ono ndi 220. Pakirani m'nyumba mutawaza madzi pansi kuti fumbi ligone. Padzuwa vanishi amachita matuza. Amene safuna kunyezimira agwiritse phula la njuchi, lopakidwa ndi nsalu n'kupukutidwa. Mafuta ophikira ayi, amasasa n'kununkha. Oyilo wakuda wa galimoto, amene ena amathira poopa chiswe, ndi wa mitengo ya khola, osati mphatso. M'kati musapake vanishi: fungo lake limakhalitsa m'malo otsekeka ndipo zithunzi zimamatirira kukatentha. Dulani katoni wolingana ndi pansi, mukuteni ndi kachitenje, mungomuika osamata kuti adzathe kuchotsedwa.

Chotsiriza n'choti tiziwauza zoona amene akugula. Kabokosi kamatabwa kamateteza ku fumbi, mbewa ndi mphemvu, koma sikaletsa madzi. Anthu a ku Makhanga, Nchalo ndi madera ena a m'mbali mwa Shire ndi Ruo akudziwa zimene madzi anachita mu 2015, pa namondwe Ana mu 2022 ndi pa Freddy mu 2023, pamene mabanja ambiri anataya mapepala ofunika. Popereka mphatsoyi ikanimo jumbo yolimba yotsekeka yoti mapepala azikhalamo, ndipo kabokosiko kazikhala pamwamba, pamalo poti munthu atha kukatenga ngakhale mumdima. Musakakhomere kukhoma, ndipo kasaleme kwambiri, mwana wa sitandade 5 azitha kukanyamula ndi dzanja limodzi.

Ndife,
Amisiri a matabwa,
Ngabu, Chikwawa.