Kalata kwa achimwene: kamera m'cockpit ya Swordfish ndi Sea Fury

Achimwene,

Uthenga wanu ndaulandira, ndipo ndakondwa kumva kuti muli bwino ku England kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ifenso kuno tili bwino. Nkhani yoti eni ake a ndege zakale za asilikali apamadzi akupemphani kuti muwajambulire kanema wa m'cockpit (mokhala woyendetsa ndege) pa chionetsero chawo yandisangalatsa kwambiri, n'chifukwa chake ndati ndikhale pansi ndikulembereni bwinobwino, osati kungoyankha mizere iwiri pa WhatsApp.

Choyamba chikhazikike mumtima: m'ndege imeneyo kamera yanu ndi mlendo, ndipo mlendo sadzisankhira pokhala. Wonena pomangira kamera ndi injiniya wa ndegeyo pamodzi ndi woyendetsa. Bungwe loyang'anira za ndege ku Britain, CAA, lili ndi chikalata chotchedwa CAP 1369 chofotokoza kamangidwe ka makamera ang'onoang'ono pa ndege. Chiwerengeni musanakakumane nawo, kuti akamalankhula muzimvana. Kamera yaing'ono ya GoPro imalemera pafupifupi magalamu 150, koma ndege ikakhota mwamphamvu mpaka 4g, pamene chilichonse chimalemera kanayi, kanthu komweko kamakoka pomangira pake ngati magalamu 600, uku injini ikukagwedeza osapumira. Kakazuka kamagwera pansi, ndipo pansi pa cockpit ya ndege za nthawi imeneyo pali mipata modutsa mawaya ndi tizitsulo toyendetsera ndege. Kabawuti kamodzi kokanirira mmenemo n'kokwanira kuumitsa ndodo yowongolera pamene ndege ikudutsa pafupi ndi nthaka, anthu masauzande akuyang'ana.

Choncho mangani ndi chopanira chachitsulo pa chitsulo cholimba cha thupi la ndege, ndi nati wosamasuka yekha. Kenako onjezani kawaya kachiwiri, komangirira kamera yeniyeniyo pamalo ena, osati pa chopanira chomwecho. Kawayako kakhale kakafupi moti kamera itazuka isafike pa ndodo, pa zopondera, kapena pankhope ya woyendetsa. Tomata pagalasi ta labala musatidalire. Timagwira chifukwa mpweya wakunja umatikanikiza, ndiye ndege ikakwera mpweya n'kuchepa mphamvu, kapena galasi likatentha ndi kuzizira, timalekerera osachenjeza. Zomangira za maginito ayi, zimasokoneza kampasi. Pachisoti cha woyendetsa ayinso, pokhapokha iye mwini ndi injiniya atavomereza, chifukwa zimalemetsa khosi ndipo zikhoza kukola pamene akufuna kutuluka mwangozi. Njira yake yotulukira ikhale yopanda kanthu kanu. Wi-Fi ndi Bluetooth muzimitse. Ndipo lembani papepala chilichonse chimene mwalowa nacho, mpaka kachivindikiro ka lenzi, kuti potuluka muwerenge pamaso pa injiniya.

Ndege ziwiri zimene mwatchulazo zimafuna kajambulidwe kosiyana kwambiri. Fairey Swordfish ndi ya mapiko awiri osanjikizana, thupi lake mbali yaikulu n'lokutidwa ndi nsalu, ndipo anthu ake atatu amakhala pamtunda popanda denga. Ndi mtundu umenewu, ndege 21 zochokera pa sitima yonyamula ndege ya Britain ya HMS Illustrious, umene unaphulitsa sitima zankhondo za Italy padoko la Taranto usiku wa pa 11 November 1940, ndipo pa 26 May 1941 zina zochokera pa sitima inzake ya Ark Royal zinawononga chiwongolero cha Bismarck, sitima yankhondo ya Germany. Munthu woonera kanema wanu akufuna kumva m'thupi mwake kuti anyamata aja ankapita kunkhondo atakhala pamphepo chonchi, pa liwiro losafika ngakhale makilomita 250 pa ola. Swordfish ya nambala W5856, ya mu 1941, imene bungwe la Navy Wings limasunga ku Yeovilton m'dera la Somerset, ndi yakale kuposa Swordfish zonse zimene zatsala, ndiye mukuona chifukwa chake eni ndege zoterezi salola zachibwana. Kamera imodzi ikhale kumbuyo kwa woyendetsa kuyang'ana kutsogolo, kuti mutu wake, mapiko ndi mawaya opingasa aoneke pamodzi. Ina iyang'ane kumchira, chifukwa pomaliza chionetsero a kumbuyo amaimirira n'kupereka sawatcha mbendera ya asilikali apamadzi a Britain, White Ensign, ikupepeluka. Vuto lake ndi oyilo. Injini ya Bristol Pegasus, ya masilinda 9 ozungulira, imalavula kaoyilo kosaoneka kamene kamamata pa lenzi, chithunzi n'kuyamba kuchita chifunga. Bisani kamera kuseri kwa kagalasi kotchinga mphepo, ndipo lenzi ipukutidwe komaliza woyendetsa atatsala pang'ono kukwera.

Hawker Sea Fury ndi nkhani ina. Ili ndi injini ya Bristol Centaurus ya masilinda 18, propeller ya masamba 5, ndipo liwiro lake limaposa makilomita 700 pa ola. Woyendetsa amakhala pansi pa denga loumbika la Perspex, pulasitiki yoonekera ngati galasi, ndipo mmenemo adani anu ndi kunyezimira ndi kutentha. Chilichonse chowala, kaya mapu oyera pabondo, kaya kagetsi kofiira ka kamera yanu yomwe, chimaoneka pagalasi. Kagetsiko kazimitseni mu menu, ndipo poonekera chitsulo chowala matanipo tepi yakuda yosanyezimira, injiniya akalola. Polariser, kagalasi ka pa lenzi kochepetsa kunyezimira, musaike. Pa Perspex imatulutsa mitundu ya utawaleza m'malo onse amene galasi linapindidwa, ndipo pa kompyuta simudzaichotsa.

Tsopano propeller, pamene ambiri amalakwitsa. Mwaonapo kanema amene masamba amaoneka opindika, kapena oduka n'kumayandama paokha. Zimachitika chifukwa kamera zazing'onozi sizijambula chithunzi chonse nthawi imodzi. Zimawerenga mzere ndi mzere kuchokera pamwamba, ndipo ikamafika pansi tsamba limakhala litasuntha kale. Dzuwa likawala, kamera imadziikira shutter (nthawi imene imalandira kuwala pa chithunzi chilichonse) ya 1/2000 ya sekondi, tsamba lililonse n'kuoneka lakuthwa ndi kupindika kwake konse. Mankhwala ake ndi kuchedwetsa shutter kuti masamba asungunuke akhale chozungulira chachimbuuzi, monga diso limaonera. Tiyerekeze propeller ya masamba atatu ikuzungulira ka 1200 pa mphindi. Ndiye kuti ka 20 pa sekondi. Pa 1/60, tsamba lililonse limayenda gawo limodzi mwa magawo atatu a mzungulire, kufika pamene panali linzake, ndipo bwalo lonse limadzaza. Koma kuchoka pa 1/2000 kufika pa 1/60 ndiye kuti kuwala kwachuluka pafupifupi ka 32, chithunzi chingayereretu mbee. Apa ndi pofunika ND filter, kagalasi kodera kochepetsa kuwala. ND32 ndi ya dzuwa lowala bwino, ND16 ya mitambo yopyapyala, ND8 ya tsiku lamdima, ndipo nyengo ya kumeneko mukuidziwa, tengani zonse zitatu. Ine ndikanasankha 50 fps (zithunzi 50 pa sekondi) ndi shutter ya 1/100. Bwalo silidzaza kwathunthu, koma masamba amasungunuka bwino, ndipo nkhope ya woyendetsa ndi mageji sizichita chimbuuzi ndi kunjenjemera kwa injini monga zimachitira pa 1/50.

Kunjenjemera kumeneko kumabweretsanso vuto lina, chithunzi chonse kumachita mafunde. Nthawi zambiri wolakwa ndi mkono wautali wapulasitiki wa zolumikiza zitatu kapena zinayi. Fupikitsani, kamera ikhale pafupi ndi chitsulo chimene yamangidwapo. Yesani injini ikulira pansi, muone kanemayo pa laputopu, osati pa kasikirini ka kamera. Za stabilisation, yochepetsa kugwedezeka kwa chithunzi, yesani ili yoyaka ndi yozima. Kamera ikamaona cockpit ndi kunja pamodzi, stabilisation imalimbana ndi kukhota kwa ndege, ndiye cockpit imaoneka ngati ikusereseka m'chithunzi. Horizon lock, yoletsa dziko kuoneka lopendekeka m'chithunzi, izime ndithu, chifukwa kupendekeka kwa dziko ndi kumene anthu amafuna kuona.

Kuwala kutsekereni pamanja. M'cockpit ndi mwamdima, kunja n'kowala, ndipo ndege ikamatembenuka kamera yosiyidwa pa auto imangosinthasintha. ISO (mphamvu ya kamera yogwira kuwala) iyambire 100 osapyola 400, white balance (yowongola mitundu) ikhale pa 5500K, ndipo muyezere kuwala kwa kunja. M'cockpit mwakuda pang'ono mukhoza kuwalitsa pokonza, koma thambo loyereratu silibwereranso.

Mawu ndi theka la kanema ameneyu. Mu Swordfish maikolofoni ya kamera imangomva mphepo basi. Ikani kachojambulira mawu kapadera pobisika, kokutidwa ndi kaubweya kotchinga mphepo, komangidwa mwa malamulo omwe aja, ndipo mutsitse levo yake kwambiri kuti injini isang'ambe mawu. Mawu a woyendetsa amatengedwa pa intercom, yolankhulirana a m'ndegemo, ndi chingwe chokhala ndi attenuator, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya mawu, chifukwa popanda chimenecho amafika amphamvu kwambiri n'kuphwanyika. Injiniya ndiye akuuzeni pulagi yoyenera. Zonse zikayamba kujambula, ombani m'manja kamodzi pamaso pa makamera kuti pokonza mudzapeze polumikizira.

Chionetsero chenichenicho ndi cha mphindi zochepa, koma injini zimenezi zimayamba zatenthetsedwa, ndege iyende pabwalo, idikire nthawi yake m'mwamba, ibwerere. Ola limatha mosavuta. Kamera muiyatse inuyo injini isanalire, woyendetsa asapatsidwe ntchito yodina batani lililonse. Pa 100 Mbps, ola limodzi limadya 45 GB, ndiye khadi losungira kanema likhale la 128 GB, la liwiro la V30, lofomatidwa mu kamera yomweyo. Batire likhale lodzaza, ndipo pansi pa Perspex padzuwa 4K imatenthetsa kamera mpaka kuzima yokha. Ngati pakuyesa yazima, tsikani pa 2.7K kapena 1080p. Kanema wathunthu wa 1080p aposa 4K yothera pakati.

Pogawa, woyamba kuona akhale woyendetsa ndi eni ndege, ndipo chilolezo chawo chikhale cholembedwa. Zokambirana za pa wailesi ndi oyang'anira bwalo zichotseni, chifukwa ku Britain lamulo la Wireless Telegraphy Act 2006 sililola kufalitsa mauthenga otere popanda chilolezo. Ndikupemphaninso, musaikepo nyimbo, ndipo musadule sekondi ziwiri zilizonse. Siyani kukhota kumodzi kuyambe mpaka kuthe, dzanja lili pa ndodo, mutu ukutembenuka kufunafuna mzere wa chionetsero, injini ikusintha kaliridwe. Anthu odziwa ndege amayang'ana zimenezo, ndipo woyendetsa mwini amaphunzirirapo. Pa YouTube ikani wathunthu, mutalemba mtundu wa ndege, nambala yake, malo ndi tsiku. Ife kuno mutitumizire kachidutswa ka mphindi imodzi ka 720p, bandulo isatithere, koma mukatumize ngati document kuti WhatsApp isakafinye.

Pali chinthu chimodzi cholemera chimene sindingachisiye. Pa ngozi ya ku Shoreham pa 22 August 2015, pamene ndege ya Hawker Hunter inagwera pamsewu wa A27 n'kupha anthu 11, a AAIB, ofufuza ngozi za ndege ku Britain, anagwiritsa ntchito kanema wa timakamera ta m'cockpit pofuna kudziwa chimene chinachitika. Ngati tsiku lina chinachake chitalakwika, ngakhale chaching'ono, khadi musalifufute, musalikonze, musatumizire munthu aliyense. Liperekeni kwa ofufuza lili momwemo.

Musanagule chomangira chilichonse, kajambuleni cockpit ndi foni kuchokera mbali zonse, mufunse injiniya malo amene angalole, ndipo munditumizire zithunzizo tione limodzi ngodya yabwino. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndatha ine wanu,
Mnzanu wa ku Blantyre