Lipoti la msonkhano wokonza nyumba yakale ya mapampu a madzi

A Wapampando, akomiti ndi amisiri anzanga nonse,

Loweruka lapitali munandituma kukaimira gulu lathu pa msonkhano wa anthu osamala nyumba zakale muno mu Joni. Nkhani inali ya kanyumba ka njerwa zofiira momwe kale munkakhala mapampu okankhira madzi kumathanki a kumtunda. Denga likudontha, zitseko zinazulidwa, mapaipi anapita ndi ogulitsa zitsulo zakutha. Akufuna kukabwezeretsa mmene kanalili, ndipo akusaka amisiri.

Mayi wina wachikulire anayamba ndi mbiri, ine mumtima n'kumati atitayira nthawi. Ndinalakwa. Joni idabadwa mu 1886 chifukwa cha golide, pamtunda popanda mtsinje waukulu ngati Shire kwathu. Kampani ya Johannesburg Waterworks, yomwe idakhazikitsidwa mu 1887, idayamba kutunga pa akasupe a ku Doornfontein, koma anthu adachuluka kuposa akasupewo, chilala cha 1895 n'kudzawonjezera moto. Adakapopa madzi a pansi pa nthaka ku Zuurbekom, mu 1903 kudabadwa bungwe loona za madzi la Rand Water Board, kenako pa mtsinje wa Vaal adamanga chotchingira madzi cha Vaal Barrage mu 1923 ndi damu la Vaal Dam mu 1938. Lero ena mwa madzi amene timasamba amachokera ku Lesotho, ku damu la Katse. Ngakhale thanki yachitsulo ya pa Yeoville ija, yomwe timaiona popita kukagula usipa, yaposa zaka 100. Choncho kwa iwo kanyumbaka si bwinja wamba.

Koma chimene ndabweretsa kwenikweni ndi ichi: pa ntchitoyi simenti sakufunika. Ndinadabwa ngati mmene mukudabwiramu. Mmisiri wa mapulani anatitengera pakhoma lomwe wina adapulasitala ndi simenti zaka zapitazo, n'kugogoda ndi kiyi. Linalira ngati ng'oma. Atachotsa kachidutswa, njerwa yamkati inali kunyenyeka ngati chigumu. Njerwa zakale n'zofewa ndipo adazimanga ndi matope a laimu. Laimu amalola chinyezi kutuluka, pomwe simenti amachitsekera mkati, njerwa n'kumadyeka pang'onopang'ono. Ndiye akufuna ogoba simenti yense m'mizere ya njerwa ndi tchizulo, osati galayinda, n'kubwezeramo laimu wosakaniza ndi mchenga. Laimu sachedwa kukwiyitsa munthu wa phuma: amauma mochedwa, amafuna kumwazidwa madzi ndi kuphimbidwa padzuwa. Ife tinazolowera makontirakitala otiuza kuti khoma lithe lero. Apa wofulumira ndiye wowononga.

Nditafunsidwa ngati anthu athu angakwanitse, ndinawauza za tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomwe makolo athu adamanga pakati pa 1888 ndi 1891 ndi njerwa zoumba okha, ndipo chikadaima. Mwina ndinadzitama pang'ono, koma anamvetsera. Zoona zake, mwa ife amene adagwirapo laimu kupatula wopaka m'makoma pa Khirisimasi sindikuganiza kuti tingakwane asanu. Iwo ati angathe kutiphunzitsa masiku awiri pakhoma lomwelo. Ine ndikuti tivomere, ngakhale kulibe malipiro masiku amenewo.

Za malamulo mwachidule. Lamulo la National Heritage Resources Act la 1999 limaletsa kusintha kapena kugwetsa nyumba yoposa zaka 60 popanda chilolezo cha ofesi ya chigawo yoona za zakale. Chilolezocho sichinatuluke, ndiye pasakhale wosiya ganyu wake n'kumadikira. Utoto wakale wa pamawindo akuukayikira kuti uli ndi mtovu, choncho palibe kupala popanda zotchinga pamphuno.

Chinandipweteka ndi chakuti adzalemba okhawo amene mapepala awo ndi olongosoka. Ndinadandaula kuti ena mwa akatswiri athu enieni mapemiti awo anatha. Anandimvera chisoni, koma sanasinthe mawu. Ndalama ya pa tsiku sanatchule, ndipo ine sindinalonjeze kanthu m'dzina lanu.

Lamulungu likudzali, tikatha za sitokofelo (kusonkherana ndalama kwathu kuja), ndipempha mphindi khumi. Omanga, akalipentala odziwa mafelemu a matabwa ndi owotcherera amene akufuna maphunzirowo alembetse kwa mlembi, atchule ndi tsiku lomwe pemiti yawo ikuthera. Ndibweretsa njerwa yonyenyeka ija, anandilola kutenga, muione ndi maso. Za thiransipoti ndapereka kale kwa msungichuma pamodzi ndi chenji.

Ine nthumwi yanu.