Guwa lisapikisane ndi chipatala

A Mkonzi,

Ndithokoze pondipatsa danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi Akhristu anzanga pa nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere. Ndine mkulu wa mpingo, ndipo pa zaka zimene ndatumikira ndamva kangapo, pa maliro, pa mapemphero a usiku ngakhalenso pa guwa penipeni, mawu akuti sayansi ndi nzeru ya dziko lapansi ndipo wokhulupirira weniweni sayenera kuidalira. Amene amanena zimenezi ndi anthu okonda Mulungu, ndipo sindikufuna kuwanyoza. Koma mawuwa akafika m'khutu la mayi amene mwana wake akuyenera kubayitsa katemera wa chikuku, kapena la bambo amene akumwa ma ARV, amasanduka nkhani ya moyo ndi imfa. Mwezi wathawu tinaika m'manda mnyamata wa kwaya yathu amene anasiya mankhwala atauzidwa pa msonkhano wina wa mapemphero kuti wachira ndipo kupitiriza kumwa ndi kusakhulupirira. N'chifukwa chake ndalemba kalatayi.

Ndiyambe ndi kolera, popeza tonse tikuikumbukira. Mliri umene unayamba m'mwezi wa Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Zimene zinapulumutsa amene anapulumuka ndi zinthu zooneka zazing'ono: madzi othira kolorini, madzi a mchere ndi shuga, kusamba m'manja, chimbudzi chokhala ndi chivindikiro, ndi kuthamangira kuchipatala munthu akangoyamba kutsegula m'mimba. Koma ndi angati mwa ife amadziwa kuti pa anthu amene anathandiza dziko kuzindikira kuti kolera imayenda m'madzi panali mbusa?

Mu 1854 kolera inabuka m'dera la Soho mu mzinda wa London ndipo inapha anthu oposa 600 m'masabata ochepa. Nthawi imeneyo madokotala ambiri ankakhulupirira kuti matendawa amabwera ndi mpweya wonunkha. Dokotala wina, John Snow, ananena kuti gwero lake ndi madzi a pa mjigo wa mu msewu wa Broad Street, ndipo akuluakulu a deralo anachotsa chogwirira cha mjigowo, ngakhale ambiri a iwo sanakhutire ndi maganizo ake. Mmodzi mwa okayikirawo anali mbusa wachinyamata wa mpingo wa Anglican, Henry Whitehead, amene ankayendera odwala ndi kuika maliro a nkhosa zake tsiku ndi tsiku. Iye anayamba kufufuza ndi cholinga chotsutsa dokotalayo. Poti ankadziwa banja lililonse, analowa khomo ndi khomo kufunsa kuti ndani anamwa madzi a pa mjigowo, ndani sanamwe, ndani anadwala ndipo anadwala liti. Mayankho aja anamutsutsa iye mwini, ndipo sanawabise. Ndi iye amene anapeza kumene mliri unayambira: khanda linadwala m'nyumba yoyandikana ndi mjigo, ndipo madzi ochapira matewera ake ankatayidwa m'dzenje la zonyansa limene linali kuchuchira m'chitsime. Mbusayo sanasiye ubusa kuti achite zimenezi. Kufunsa mafunso, kuwerenga manambala ndi kuvomera kuti analakwa zinali mbali ya kuweta nkhosa zake, chifukwa mbusa amene watopa ndi kuika maliro ali ndi chifukwa chokwanira chofunira kudziwa chimene chikupha anthu ake.

Ndipotu Malemba sanayambe aletsapo khalidwe lotere. Pa Deuteronomo 23:12-13 Aisraeli analamulidwa kukhala ndi malo odzithandizira kunja kwa msasa, kukumba dzenje ndi kukwirira chimbudzi chawo. Mlangizi wa zaumoyo amene amayenda m'midzi mwathu kuwerenga zimbudzi sakunena china chosiyana ndi chimenechi. Pa Levitiko 13 wansembe ndiye amene ankayang'ana nthenda ya pakhungu, kumupatula wodwala masiku asanu ndi awiri, n'kumuyang'ananso kuti aone ngati nthendayo yafalikira. Mfumu Hezekiya itadwala inapemphera ndi misozi, Mulungu anamva, komabe mneneri Yesaya analamula kuti atenge nkhuyu azimate pa chithupsa chake, monga timawerengera pa Yesaya 38:21. Pemphero ndi mankhwala zinakumana pa bedi limodzi popanda kukangana. Paulo, amene anachiritsa ambiri m'dzina la Yesu, ankayenda ndi Luka ndipo pa Akolose 4:14 akumutchula kuti sing'anga wokondedwa. Koma ndime imene ndimafuna alaliki athu aisinkhesinkhe kwambiri ndi Mateyu 4:5-7, pamene Satana anauza Yesu kuti adzigwetse kuchokera pamwamba pa Kachisi poti angelo amugwira. Satanayo anagwiritsa ntchito vesi, ndipo pempho lake linkaoneka ngati chikhulupiriro chachikulu. Yesu analitcha kuyesa Mulungu. Munthu amene akutaya botolo la mankhwala kuti aonetse mpingo kuti amakhulupirira waima pamwamba pomwepo, pamene makwerero otsikira alipo.

Mbiri ya dziko lathu nayonso ikuchitira umboni. David Livingstone anali dokotala komanso mmishonale. Robert Laws, amene anafika kuno mu 1875 n'kutumikira zaka zoposa 50, anali mbusa ndi dokotala, ndipo mu 1876 ku Cape Maclear anachita opaleshoni atagoneka wodwala ndi mankhwala a chloroform, chinthu chimene anthu a m'mphepete mwa nyanja anali asanachionepo. Daniel Sharpe Malekebu, mwana wa dziko lino amene anaphunzira udokotala ku Meharry Medical College ku America, anabwerera mu 1926 kudzatsegulanso Providence Industrial Mission ku Chiradzulu, atanyamula Baibulo ndi zipangizo za chipatala. Lero lino zipatala za Nkhoma, Ekwendeni, Embangweni, Malamulo, Mulanje Mission, St Luke's ku Malosa ndi zina zambiri za pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, zikusamalira gawo lalikulu la odwala a m'dziko muno, makamaka kumidzi. Zipatalazi zinamangidwa ndi zopereka za Akhristu. Zikanakhala kuti sayansi ndi mdani wa chikhulupiriro, ndiye kuti makolo athu m'chikhulupiriro anamanga nyumba za mdaniyo pafupi ndi tchalitchi chilichonse cha mishoni.

Nkhaniyi sikuthera kuchipatala. Mlimi amene amagula mbewu ya chimanga yocha msanga kapena yopirira ku chilala, yochokera ku kafukufuku wa malo ngati Chitedze, akudya thukuta la wansembe wina wa Chikatolika, Gregor Mendel, amene kuyambira mu 1856 mpaka 1863 anabzala ndi kuwerenga zomera za nsawawa masauzande ambirimbiri m'dimba la nyumba ya amonke ku Brno. Anapeza malamulo a mmene maonekedwe a kholo amapitira kwa mwana, anasindikiza zotsatira zake mu 1866, anthu sanazilabadire, ndipo anamwalira mu 1884 ntchito yake isanadziwike. Inadzatulukiranso mu 1900. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndimaona kuti kudekha kotereku, kwa munthu wowerenga nsawawa zaka zisanu ndi zitatu popanda womuyamikira, kumachokera m'chikhulupiriro chakuti chilengedwe chili ndi dongosolo chifukwa Mwini wake si wachisokonezo. Wansembe winanso, Georges Lemaître wa ku Belgium, ndiye amene mu 1927 anaonetsa mwa masamu kuti thambo likufutukuka, ndipo pambuyo pake ananena kuti linali ndi poyambira, maganizo amene lero amatchedwa Big Bang. Ophunzira athu a sekondale ena amauzidwa kuti chiphunzitsochi chinapangidwa ndi anthu okana Mulungu, osadziwa kuti mwini wake ankachita Misa. Chimene chimandisangalatsa mwa iye n'chakuti Papa Pius XII atanena mu 1951 kuti zimenezi zikutsimikiza nkhani ya chilengedwe, Lemaître sanakondwere nazo, chifukwa sankafuna kuti chikhulupiriro chimangidwe pa masamu amene mawa akhoza kusintha. Sayansi imayankha funso lakuti zinthu zimayenda bwanji. Funso lakuti tili pano chifukwa chiyani, ndipo mnzanga ndimuchitire chiyani, silikwana mu makina oyezera.

Sindikubisa kuti mbali zonse ziwiri zili ndi zipsera. Mpingo unaweruza Galileo, katswiri wa zakuthambo wa ku Italy, mu 1633 chifukwa chophunzitsa kuti dziko limazungulira dzuwa, ndipo zinatenga mpaka 1992 kuti Papa John Paul II avomereze poyera kuti oweruzawo analakwa. Asayansi nawonso achitapo zoipa: ku Tuskegee ku America, kuyambira 1932 mpaka 1972, amuna akuda odwala chindoko anasiyidwa osapatsidwa mankhwala kuti madokotala aone mmene nthendayo imawonongera thupi. Choncho munthu akamafunsa kuti m'katemerayu muli chiyani, wamupanga ndani, ndipo anamuyesa pa ndani, sakuchimwa ndipo si mbuli. Koma pali kusiyana pakati pa kufunsa kuti udziwe ndi kufalitsa mphekesera ya pa WhatsApp. Ambirife tikukumbukira mmene katemera wa Covid-19 ankatchulidwira chizindikiro cha chilombo, ndipo mu Meyi 2021 boma linatentha katemera oposa 19,000 amene anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito. Lamulo loletsa umboni wonama siligwira ntchito kubwalo la milandu kokha. Limagwiranso pa foni ya m'manja, pamene chala chatsala pang'ono kutumiza uthenga ku gulu la mpingo.

Komanso Akhristu akathawa sayansi, ndani adzakhala m'makomiti ounika ngati kafukufuku akulemekeza anthu? Dziko lathu silongolandira chabe zopangidwa kunja. Mu Epulo 2019 Malawi linali dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kudzera m'masikelo, lisanatsatidwe ndi Ghana ndi Kenya, ndipo zimene zinapezeka m'maiko atatuwa zinathandiza bungwe la WHO kuvomereza katemerayu mu 2021. Mu 2011 dziko lino ndilo linayambitsa njira ya Option B+, yopereka ma ARV kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV, njira imene maiko ena ambiri anaitengera. Anamwino, madokotala ndi ofufuza amene anagwira ntchitozi ambiri a iwo timakhala nawo pa benchi limodzi Lamulungu kapena pa Sabata, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti nthawi zina amamva ntchito yawo ikunyozedwa kuchokera kutsogolo kwa tchalitchi chawo chomwe.

Pempho langa kwa abusa, ansembe, aneneri ndi akulu anzanga ndi ili. Tikapempherera wodwala monga Yakobo 5:14 akutilamulira, timufunsenso ngati wapita kuchipatala, ndipo ngati akusowa ndalama yoyendera, thumba la mpingo limuthandize. Aliyense amene akuchitira umboni kuti wachira ku HIV, shuga kapena BP asasiye mankhwala mpaka dokotala atamuyeza. Yesu yemwe anatuma akhate aja kuti akadzionetse kwa ansembe. Alangizi a zaumoyo akabwera ndi uthenga wa katemera wa poliyo, amene tinaona kufunika kwake matendawa atapezekanso ku Lilongwe mu 2022, tiwapatse mphindi zisanu pa nthawi ya zolengeza m'malo mowasiya adikire panja. Ndipo mtsikana wa mu mpingo mwathu akasankhidwa kukaphunzira za sayansi ku sukulu ya ukachenjede ya KUHeS, LUANAR kapena MUST, timuitane kutsogolo, timusanjike manja monga timachitira ndi wopita ku sukulu ya ubusa, ndipo amayi a chigwirizano amusonkhere ya sopo.

Ine wanu,
Mkulu wa mpingo,
Zomba