Nyumba zamatabwa pamwamba pa nyumba zakale

Akonzi,

Ndiloleni ndiyamikire luso lomanga nyumba zogona zamatabwa pamwamba pa nyumba imene ilipo kale, m'malo moigwetsa. Mumzinda wa Melbourne ku Australia, pa 55 Southbank Boulevard, anawonjezera nsanjika 10 zamatabwa pamwamba pa nyumba yakale ya maofesi, ndipo ntchitoyi inatha mu 2020. Matabwa ake ndi omatidwa ndi guluu mopingasana, kotero ndi olimba koma opepuka kwambiri poyerekeza ndi konkireti. N'chifukwa chake maziko akale anatha kunyamula nsanjika zonsezi, zimene sakanazisenza zikanakhala za simenti.

Chimene chandikhudza mtima n'chakuti sipanafunike malo atsopano, komanso mpweya woipa umene mitengoyo inayamwa ikukula unatsekeredwa m'makomamo.

Komabe ndili ndi nkhawa imodzi. Kumanga kotere n'kwabwino pokhapokha ngati matabwawo achokera m'nkhalango zimene zimabzalidwanso mitengo ikadulidwa, ndipo ife amene tinaona mmene paini wa ku Chikangawa anathera ndi moto ndiponso kudula kosabwezera, sitingaitenge mopepuka mfundo imeneyi tikafuna kutengera lusoli m'mizinda yathu.

Ine wowerenga wanu,
Mzuzu