Kalata yotseguka kwa wapampando wa komiti yosankha zipangizo za opaleshoni ya nyung'unyu

Bwana Wapampando,

Landirani moni wanga. Ndinakulemberani makalata awiri mwakachetechete, ndipo ulendo wachitatu ndinabwera ndekha n'kukhala pabenchi la pakhomo la ofesi yanu mpaka nthawi yoweruka. Poti zonsezo sizinaphule kanthu, lero ndalemba poyera.

Mayi anga ali ndi zaka 74. Chaka chatha anagwa n'kuthyoka fupa la ntchafu m'khosi mwake, chakumtunda kumene limalumikizana ndi chiuno. Madokotala anachotsa mutu wa fupalo n'kuwaika nyung'unyu yochita kupanga. Manja a dokotala amene anawachita opaleshoni sindiwadandaula ngakhale pang'ono, chifukwa pa tsiku lachitatu mayi anali atayamba kale kuponda. Patatha milungu isanu, ali okha m'nyumba, anakhala pampando wotsika akupesa tsitsi. Chipeso chinagwera pansi chakumbali, iwo n'kuwerama kuti achitole. Basi, nyung'unyu inaguluka.

Ndinawapeza patatha maola anayi. Anali gone chammbali pafupi ndi mpandowo, mwendo wakumanja utafupika, bondo ndi phazi zitapotokera mkati, chipeso chija chili m'manja. Mawu anali atasasa chifukwa choitana anthu. Anali atadzinyowetsa, ndipo ndisanawafunse n'komwe chimene chachitika anandigwira mkono n'kunena kuti, "Mwanawe, yamba wandifunditsa usanaitane munthu." Nditangokhudza phazi lija anakuwa mokuwa mmene sindinawamvepo chibadwire. Kuchipatala anawagoneka ndi mankhwala, anthu awiri n'kukoka mwendo mpaka mutu wachitsulo unabwerera m'malo mwake. Kenaka inagulukanso akutembenuka pabedi usiku, n'kudzagulukanso akuvala nsapato. Panopa mayi amene ankakana kuwagwira dzanja akamatsika masitepe sayerekeza kukhala pansi popanda wina pafupi. Amagona chagada usiku wonse, pilo ali pakati pa miyendo, maso ali tong'o.

Itaguluka kachitatuko ndinafunsa dokotala kuti chimene anaika mwa mayi n'chotani. Anandiuza kuti ndi mutu wa mamilimita 28 m'kachikho wamba ka pulasitiki. Nditafunsa chifukwa chake, anayang'ana pansi n'kunena kuti ndi zimene zinali m'sitolo ya chipatala. Mndandanda wa zolowa m'sitolo imeneyo umasainidwa ndi komiti yanu, Bwana.

Ine si dokotala, koma mavutowa andiwerengetsa zambiri, ndipo zimene ndapeza inu mukuzidziwa kuposa ine. Dokotala John Charnley atayamba kuika nyung'unyu za chitsulo ndi pulasitiki wotchedwa polyethylene ku Wrightington ku England mu 1962, anasankha mutu waung'ono wa mamilimita 22 pofuna kuchepetsa kukhulana, ndipo pa nthawiyo zinali zanzeru. Koma mutu waung'ono uli ndi vuto lake. Munthu akapinda mwendo kwambiri, khosi la chitsulo limagunda msanga mkombero wa kachikho n'kutukula mutuwo ngati mmene chitsulo chimazulira msomali, ndipo mtunda woti mutuwo udumphe kuti utuluke ndi waufupi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera polyethylene wolimba kwambiri amene saperepeseka msanga, ndipo zimenezi zinalola kuti madokotala aziika mitu ikuluikulu ya mamilimita 32 ndi 36.

Palinso china chimene ndakhala ndikuchitchula m'makalata anga onse. M'zaka za m'ma 1970, dokotala Gilles Bousquet wa ku Saint-Étienne ku France anapanga nyung'unyu yoyenda pawiri, imene madokotala amaitcha dual mobility. Kamutu kakang'ono kamatsekeredwa mkati mwa mpira waukulu wa pulasitiki, ndipo mpirawo nawonso umazungulira momasuka m'chikho chachitsulo chosalala. Poyenda wamba kamazungulira ndi kamutu kam'kati kaja. Munthu akawerama kwambiri, khosi likagunda, mpira waukuluwo umasuntha n'kutsatira mwendo m'malo molola kuti mutu utuluke. Ku United States anaivomereza mu 2009. Chipangizo chimene chakhalapo pafupifupi zaka 50 sichoti n'kumachitchabe chachilendo chofunika kuchidikira kaye, monga mmene yankho lanu limodzi lija linanenera.

Ndisakunamizeni, sindikunena kuti chipangizo chimenechi chilibe vuto. Nthawi zina kamutu kam'kati kamatha kutuluka mu mpira wa pulasitiki, ndipo zikatero pamafunika opaleshoni ina. Palinso kachikho ka mtundu wina kamene kamatsekera mutu ndi mphete; kameneko kamaletsadi kuguluka, koma mphamvu yonse imakathera pamene chikho chagwirana ndi fupa, mwakuti chimatha kukhwepa. Ndikudziwanso za nyung'unyu za chitsulo chokhulana ndi chitsulo chinzake, zimene zina mwa izo zinachotsedwa pamsika mu 2010 zitavulaza anthu. Kusamala kwanu ndikukumvetsa ndipo ndikukulemekeza. Chimene sindikumvetsa n'chakuti kusamala kumeneku kwathera pa kugula mtundu umodzi wa aliyense, ngati kuti odwala onse ndi ofanana.

Mayi anga anali oonekeratu kuti ali pangozi. Anthu amene aikidwa nyung'unyu chifukwa chothyoka khosi la fupa amaguluka kawirikawiri kusiyana ndi amene aikidwa chifukwa cha nyamakazi. Kuwonjezera apo, mayi anachitidwapo opaleshoni yolumikiza mafupa a msana wam'munsi, ndiye msana wawo ndi wouma. Munthu wa msana wabwino akamakhala pansi, chiuno chimapendekera kumbuyo n'kupatsa mwendo mpata. Wa msana wouma chiuno sichisuntha, mwendo umapinda wokha mpaka khosi kugunda. N'chifukwa chake ngakhale dokotala ataika chikho pa madigiri oyenera amene dokotala Lewinnek ndi anzake analemba mu 1978, 40 kupendekeka ndi 15 kuyang'ana kutsogolo, munthu wotere amathabe kuguluka. Zonsezi zinali m'fayilo mwawo tsiku la opaleshoni lisanafike.

Ndipo si mayi okha. M'wodi muja ndinaonamo bambo wina wa matenda a Parkinson, gogo wina woiwalaiwala amene anamuuza kambirimbiri kuti asamapingase miyendo koma pofika madzulo waiwala, ndi mayi wina amene anali atabwezeretsedwa kachinayi. Onsewa amatulutsidwa ndi kapepala komweko: musakhale pampando wotsika, musawerame, musapingase miyendo. Akabwerera atagulukanso, funso loyamba limakhala lakuti, "Munatani?" Mayi anga amayankha motsitsa mawu ngati mwana wolakwa. Kutola chipeso ndi mlandu?

Mukumbukire, Bwana, kuti pa msonkhano wa odwala ndi owasamalira munaimirira n'kulonjeza kuti chaka chisanathe mndandanda wa zipangizo uunikidwanso, komanso kuti muyamba kulemba aliyense amene wabwerera ataguluka. Tinaomba m'manja tsiku limenelo, ine ndemwe ndinaomba. Chaka chinatha. Nditafunsa kuti ndi angati abwerera, anandiuza kuti palibe buku lotero, chifukwa amene wabwezeretsedwa ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi n'kubwerera kwawo salembedwa ngati vuto la opaleshoni. Sweden inayamba kalembera wa nyung'unyu wa dziko lonse mu 1979. Ife tikungopempha buku limodzi. Munatiuzanso kuti zipangizo zina n'zokwera mtengo, ndipo sindikutsutsa, koma kodi munawerengapo kuti kugoneka munthu katatu, kumujambula katatu, kumupatsa bedi katatu, kenaka n'kumung'ambanso, kumadya zingati?

Ndikupempha, ndi ulemu wonse, kuti komiti yanu iike nyung'unyu za dual mobility ndi mitu ya mamilimita 32 ndi 36 pamndandanda, kuti dokotala akhale ndi chosankha akakumana ndi wothyoka khosi la fupa, wa msana wouma, wa matenda a mitsempha kapena wobwereza opaleshoni. Lamulani kuti wodwala aliyense aziunikidwa msana ndi kakhalidwe kake asanasankhiridwe chipangizo, ndipo tsegulani buku lija munalonjeza.

Dokotala wanena kuti mayi sangapitirire chonchi, ayenera kulowanso m'fiyeta kuti asinthe chikho, ndipo watipatsa tsiku mwezi wamawa. Ndikufuna mundiyankhe molemba, tsikulo lisanafike, kuti dokotalayo akadzatsegula bokosi adzapezamo chipangizo chotani.

Ine wanu,
Mwana wa mmodzi mwa odwala anu